Chisamani chabwera pa ngongole ya 2018, alamu anga achite chiyani?

Wa pa Chitakale

Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Nkhaniyi ndi ya alamu anga, amuna a achemwali anga, kuno ku Mulanje. Nthawi imene ankagwira ntchito ya ukalaliki pa esiteti ina ya tiyi, banki inawapatsa kirediti khadi. Ntchito itatha mu 2018 analephera kupitiriza kubweza. Akuti komaliza kulipira kunali mu Epulo chaka chomwecho, ngongole itatsala pafupifupi K400,000. Kuchoka pamenepo kunangoti zii, kupatula mafoni a apo ndi apo ochokera kwa otolera ngongole.

Lachisanu lapitali, pa 7 Malichi 2025, kwabwera munthu ndi chisamani cha ku High Court ku Blantyre. Ndalama zimene akufuna ndi K3,700,000, ndipo dzina la wodandaula si la banki ija, ndi la kampani ina. Alamu akuti angozisiya chifukwa ngongole yakale imafa yokha. Anzawo akuwauza kuti aoloke kaye apite ku Milange. Dzulo wotolera ngongole waimba kuti akapereka K50,000 sabata ino mlandu auchotsa, apo ayi abwera ndi apolisi. Achemwali anga tulo sakutiona, akuopera makina awo osokera.

Kodi ngongole ya zaka zonsezi angathe kukusumira? Nanga K50,000 ija apereke?

Kalaliki wa ku Luchenza

Achimwene, K50,000 ija ayambe aigwira kaye, ena afotokoza chifukwa chake. Ine ndiyambe ndi masiku, poti ndi amene akuthamanga.

Ku High Court, malinga ndi malamulo a kayendetsedwe ka milandu amene anayamba kugwira ntchito mu 2017, munthu akalandira chisamani amakhala ndi masiku 14 oti apereke response, kapepala kosonyeza kuti chisamani chafika ndipo mlandu akuukana. Akatero amakhala ndi masiku 28, kuwerengabe kuchokera tsiku lolandira chisamani, oti apereke defence, amene ndi mayankho ake enieni. Anthu ambiri amaphonya apa: amayesa kuti masiku 28 amayamba atapereka response. Ayi. Ngati analandira pa 7 Malichi, response ifike lisanakwane deti la 21 Malichi, defence lisanakwane la 4 Epulo. Ndipo asadikire tsiku lomaliza. Minibasi ya pa Midima imatha kutha maola awiri ikudzaza, ku khoti kuli mzere, pali ndalama yolipira popereka mapepala, ndiye munthu ukafika masana Lachisanu ukhoza kubwerako osathandizidwa.

Asanapite aone bwino pepalalo. Chisamani chenicheni chimakhala ndi nambala ya mlandu, chidindo cha khoti, dzina la nthambi ya khoti imene mlandu uli, komanso dzina ndi adiresi ya loya wa wodandaula. Otolera ngongole ena amalemba makalata ooneka ngati a ku khoti pofuna kuopseza. Njira yodziwira ndi imodzi: kupita ku ofesi ya khoti yolembedwa pa pepalapo n'kufunsa ngati nambala imeneyo ili ndi fayilo.

Pepala lililonse limene akupereka apange makope atatu: la khoti, la loya wa wodandaula, ndi lawo losunga. Onse adindidwe ku khoti, kenako limodzi akalisiye ku ofesi ya loyayo, wolandirayo asaine ndi kulemba deti pa kope lotsalalo. Kope limeneli ndi limene lidzawapulumutse tsiku limene wina adzanene kuti sanayankhe.

Defence si kalata yopepesa kapena yofotokoza mavuto a pakhomo. Imayankha ndime ndi ndime zimene wodandaula walemba: iyi ndikuvomera, iyi ndikukana pa chifukwa chakuti-chakuti, iyi wodandaula abweretse umboni. Kungolemba kuti "ndikukana zonse" malamulo salola, ndipo wodandaula akhoza kupempha jaji kuti agamule mwachidule poti palibe chomveka chimene chayankhidwa. Apa mpofunika loya. Ngati ndalama ya loya palibe, apite ku Legal Aid Bureau, amene amathandiza anthu osowa pa milandu ngati imeneyi. Afunse pa khoti la majisitireti pa Boma kuti ofesi yawo yapafupi ili pati. Response asaidikiritse chifukwa choti loya sanapezeke, fomu yake ndi yachidule.

Akangokhala chete, wodandaula amapereka chikalata cholumbira chosonyeza kuti chisamani chinafika, n'kupempha chigamulo. Khoti limagamula iwo kulibe, pa K3,700,000 yonseyo, popanda wofunsa ngati masamuwo ali olondola. Chigamulo chotere chimatheka kuchichotsa, koma pempho lake limafunika kufika pasanathe miyezi 3, ndipo umayenera kufotokoza molumbira chifukwa chimene sunayankhire komanso kusonyeza kuti uli ndi choyankha chomveka. Ukachedwa kuposa apo uyeneranso kufotokoza kuchedwako, ndipo jaji akhoza kukana.

Amene chisamani chawo ndi cha kwa majisitireti, kaya pa Boma la Mulanje kaya la Thyolo, asatengere masiku ndalembawa. Kumeneko malamulo ake ndi ena, atsate deti ndi malangizo olembedwa pa chisamanicho.

Mayi wa ku Bvumbwe

Bambo, za "ngongole yakale imafa yokha" zili ndi choonadi chake, koma theka lokha, ndipo theka linalo ndi limene limagwetsa anthu.

Tili ndi lamulo lotchedwa Limitation Act. Limanena kuti mlandu wochokera pa mgwirizano wamba, monga ngongole ya khadi kapena ya pamanja yopanda chikole cha nyumba, sungayambitsidwe patatha zaka 6 kuchokera tsiku limene wobwereketsa anakhala ndi ufulu wosuma. Pali zinthu zinayi zoti mumvetse.

Choyamba, ngongoleyo siifa. Chimene chimatha ndi mphamvu yoilanditsa kudzera ku khoti. Ndipo jaji sangakunenereni zimenezi, mwini wake ndiye ayenera kulemba mu defence kuti nthawi yosumira inadutsa malinga ndi Limitation Act. Osalemba, mwayi umenewu wapita, ngakhale ngongoleyo ikhale ya zaka 15. N'chifukwa chake kukhala chete kuli koopsa kwambiri kwa munthu amene ngongole yake ndi yakaledi: ali ndi chishango m'manja koma wachisiya pakhomo.

Chachiwiri, kuwerenga sikuyambira tsiku limene anatenga khadi. Kumayambira pamene anaphwanya mgwirizano, kawirikawiri tsiku limene malipiro anayenera kufika koma osafika. Migwirizano ina imati ngongole yonse imakhala yoyenera kubwezedwa pokhapokha banki italemba kalata yoitanitsa, ndiye pamenepo wodandaula adzanena kuti zaka ziwerengedwe kuyambira pa kalatayo. Choncho pepala limene anasaina potenga khadi likufunika, pamodzi ndi kalata iliyonse imene banki inatumiza mu 2018 kapena 2019.

Chachitatu, kuwerenga kumathera pa deti limene mlandu unalowa ku khoti, lomwe lili pa chidindo cha chisamani, osati tsiku limene chinafika pakhomo. Ngati malipiro anaima mu Epulo 2018, zaka 6 zinakwana chapakati pa 2024. Chidindo chikakhala cha 2025, mwachionekere wodandaula wachedwa.

Chachinayi ndi chimene chikukhudza K50,000 ija. Lamulo lomweli limati munthu akalipirako pang'ono pa ngongole, kapena akalemba n'kusaina kuti akuivomera, zaka 6 zimayambiranso kuwerengedwa kuchokera tsiku limenelo. Kuvomera kwa pakamwa pa foni sikuwerengedwa, kuyenera kukhala kolembedwa ndi kosainidwa. Koma kulipira kumawerengedwa, kaya ndi K50,000 kaya ndi K2,000. Otolera ngongole amalidziwa bwino lamuloli, ndipo zimandiwawa kuona anthu akukakamizidwa kuti "ingoperekani kangachepe kosonyeza mtima wabwino" osauzidwa zimene kangachepeko kachite. Pakali pano alamu anu asalipire kalikonse, asasaine pepala lililonse, asalembe uthenga wa pa WhatsApp wopepesa kapena wolonjeza, mpaka loya ataona mapepala. Wa pa foniyo amuyankhe mawu ochepa: nkhani ili ku khoti, tikayankha komweko.

Tsono ndikufunseni, ndipo mukawafunse bwinobwino alamuwo ndi akazi awo omwe: kuchokera mu Epulo 2018, palibe ndalama ina iliyonse imene inapita? Pa Airtel Money, pa Mpamba, kudulidwa ku akaunti, kapena yopatsira wotolera ngongole pamanja?

Wa pa Chitakale

Zikomo kwambiri nonse. Mayi, funso lanu latulutsa nkhani. Ndawafunsa usiku, ndiye achemwali anga aulula kuti mu Novembala 2021 anatumiza K15,000 pa Airtel Money kuchokera pa foni yawo, kupita ku nambala imene wotolera ngongole anawapatsa. Akuti mafoni anali atanyanya, anafuna kuti aleke. Alamu akuti iwo za ndalama imeneyi amva dzulo lomweli. Chidindo cha pa chisamani ndi cha Febuluwale 2025. Kodi basi zaonongeka?

Mayi wa ku Bvumbwe

Zavuta, koma sizinathe. Wodandaula adzanena kuti zaka 6 zinayambiranso mu Novembala 2021, kutanthauza kuti ali ndi mpata mpaka Novembala 2027. Komabe malipiro amene amadzutsa nthawi ndi ochokera kwa mwini ngongole kapena munthu amene iye wamutuma, ndipo apite kwa mwini ndalama kapena womuimira. Ndiye pali mafunso awiri amene loya adzakhalepo.

Loyamba: achemwali anuwo anatumidwa? Ngati amuna awo anati "tumizani kangachepe atisiye", anatumidwa, ngakhale foni ikhale ya mayiwo. Ngati anachita okha mwa mantha, amuna awo osadziwa, ndipo iwo sanasainire nawo ngongoleyo ngati mboni, pali poimira kunena kuti malipirowo sangamange bambowo. Lachiwiri: nambala imene inalandira ndalamayo ndi ya ndani? Ngati ndi ya munthu wamba, ndipo K15,000 siikuoneka pa sitetimenti ya ngongoleyo, wodandaula adzavutika kuigwiritsa ntchito ngati umboni. Ikakhala kuti ikuoneka pa sitetimenti, aonetse kuti inachokera kwa ndani.

Chimodzi ndikupempheni ndi mtima wonse. Asakonze nkhani. Zimenezi adzazinena molumbira, mwamuna payekha mkazi payekha, ndipo loya wa mbali inayo adzawafunsa mozungulira. Kunama utalumbira ndi mlandu wa upandu, umene ungakulowetse m'ndende pamene ngongoleyo payokha singatero. Loya wawo amuuze zonse monga zinachitikira, K15,000 yomwe, tsiku loyamba lenilenilo. Uthenga wotsimikizira kutumiza uja ngati ukadali mu foni asaufufute, ndipo akhoza kukapempha sitetimenti ya nambala yawo ku ofesi ya kampani ya foni.

Mu defence alembebe za Limitation Act, kenako awonjezere mfundo zina zoti jaji aziona ngati yoyambayo ikanika. Kutero n'kololedwa.

Wowerengera ndalama, Thyolo Boma

Ine ndikhale pa K3,700,000, chifukwa ngakhale za zaka zitakanika, chiwerengero chimenechi sichoyenera kungochimeza.

Taonani mmene chiwongoladzanja chimakulira. Tingoyerekeza kuti chinali 3 peresenti pamwezi. Pa K400,000 ndi K12,000 mwezi uliwonse. Chikamawerengedwa pa ngongole yoyambayo basi, pa miyezi 72 chimakwana K864,000, zonse pamodzi K1,264,000. Koma chikamaphatikizidwa ku ngongole mwezi ndi mwezi n'kumaberekanso chinzake, miyezi 72 yomweyo imafikitsa ngongole pafupifupi K3,360,000. Kusiyana kwake kukuposa K2,000,000, pa ngongole yomweyo ndi peresenti yomweyo. Ndiye funso loyamba kwa wodandaula n'lakuti: mwawerengera njira iti, ndipo ndi ndime iti ya mgwirizano imene ikukulolani?

Zoti apemphe kudzera mwa loya, molemba:

Kope la mgwirizano umene anasaina. Sitetimenti yonse kuyambira tsiku loyamba mpaka lero, osati tsamba limodzi lachidule. Kugawa kwa K3,700,000 kuti zioneke kuti ngongole yeniyeni ndi zingati, chiwongoladzanja zingati, zilango za kuchedwa zingati, ndi zimene akuti ndi zolipira otolera ngongole zingati. Gawo lomalizali muliyang'anitsitse. Nthawi zambiri amangoliponyapo, chonsecho ndalama za mlandu amagamula ndi khoti, ndipo wodandaula ayenera kusonyeza pamene wazitenga.

Pa sitetimenti ayendepo ndi pensulo mzere ndi mzere. Zimene zimapezeka kawirikawiri ndi malipiro amene munthu anapereka koma sanalowetsedwe, chilango cha kuchedwa chimene nachonso chikubereka chiwongoladzanja, ndi ndalama ya pachaka ya khadi imene ikudulidwabe khadilo litatsekedwa kalekale. Popeza ankagwira ntchito pa esiteti, afufuzenso ngati banki sinadule kanthu pa ndalama zawo zomaliza ntchito itatha. Mapepala a malipiro a mwezi umenewo ndi ofunika.

Palinso Loans Recovery Act, lamulo limene limapatsa khoti mphamvu younikanso ngongole ngati chiwongoladzanja chili chopyola muyeso ndipo mgwirizanowo ndi wofinya munthu mopanda chilungamo. Anthu amalikumbukira pa nkhani za katapila. Loya aone ngati lingagwire pa ngongole iyi.

Za dzina la kampani lija musazipeputse. Alamu anu anagwirizana ndi banki. Ngati kampaniyi ikuti inagula ngongoleyo, ionetse chikalata chogulira chimene chikutchula ngongole imeneyi, komanso kalata imene inadziwitsa alamuwo za kusinthako. Ngati ndi yongotumidwa kutolera, ifotokoze chifukwa chake ikusuma m'dzina lake. Ngongole zogulidwa mwa chigulu zimafika ndi mapepala osakwanira, ndipo kugulidwako sikuyambitsanso zaka 6 zija.

Defence ikalowa, mlandu umapita kaye kokambirana pamaso pa jaji amene amakhala mkhalapakati. Ku High Court gawo limeneli ndi lokakamiza, ndipo wosapita akhoza kufufutidwa defence yake. Zokambidwa mmenemo ndi zachinsinsi, sizikatulutsidwa ngati umboni mlandu ukapitirira. Amenewa ndiwo malo abwino okambira za kuchotsera, osati pa foni ndi munthu amene simukumudziwa nkhope. Wodandaula amene akudziwa kuti pali funso la zaka ndi funso la mapepala amafewa.

Akagwirizana, zilembedwe ndi kusainidwa, zikhale ngati lamulo la khoti. Mulembedwe ndalama yonse imene agwirizana, kuti ikatha ngongole yatheratu, kuti chiwongoladzanja chaima, deti la mwezi lolipirira, akaunti yolipirako, ndi chimene chidzachitike akaphonya mwezi umodzi. Asalonjeze K100,000 pamwezi pofuna kuoneka bwino pamene thumba limakwanitsa K30,000. Migwirizano yambiri imati ukaphonya kamodzi ndalama yonse yoyamba ija imabwerera. Awerengere miyezi yovuta, Januwale ndi Febuluwale, osati miyezi yokolola. Alipire ku akaunti ya kampani kapena ya loya yolembedwa mu mgwirizano, asunge lisiti lililonse, ndipo pomaliza atenge kalata yoti ngongole yatha. Kalata imeneyo ndi imene adzapite nayo ku mabungwe osunga mbiri ya ngongole, amene anakhazikitsidwa pansi pa Credit Reference Bureau Act ya 2010, kuti dzina lawo likonzedwe.

Mkulu wa ku Limbuli

Mwana wanga, achemwali akowo auzeni mtima ukhale m'malo pa za apolisi. Malamulo aakulu a dziko lino, gawo 19, amanena kuti munthu sangatsekeredwe m'ndende chifukwa cholephera kukwaniritsa mgwirizano. Ngongole ya khadi si mlandu wa polisi. Chimene chingamangitse munthu ndi china: kunyoza lamulo limene khoti lapereka, kunama molumbira, kapena kulimbana ndi masherifu ali pa ntchito. Wotolera ngongole amene akuopseza ndi apolisi, lembani tsiku, nthawi, nambala ndi mawu ake. Dandaulo limayamba kupita ku banki kapena kampaniyo molemba, likapanda kuyankhidwa limapita kwa woyang'anira mabungwe a zachuma, Registrar of Financial Institutions, ku Reserve Bank of Malawi.

Wotolera ngongole alibe mphamvu yolowa m'nyumba n'kunyamula katundu. Olanda katundu ndi masherifu, ndipo amabwera chigamulo chitaperekedwa, atanyamula chikalata cha khoti chowalola kulanda ndi kugulitsa. Akafika, pemphani chiphaso chawo ndi chikalatacho, onani nambala ya mlandu, ndipo katundu aliyense amene akutenga alembedwe pa mndandanda, kope lake litsale pakhomo. Zovala, zofunda ndi zida zochepa zogwirira ntchito lamulo limaziteteza, koma malire ake ndi otsika, musadalire pamenepo. Dziwaninso kuti ndalama za masherifu ndi za galimoto yonyamulira zimagwera mwini ngongole, ndipo katundu wa pa okushoni amapita pa mtengo wozizira. Firiji imene munagula modula ikhoza kuchotsa kachigawo kakang'ono chabe pa ngongole. Kupatula katundu, wodandaula akhozanso kupempha khoti kuti ligwire ndalama za mu akaunti ya ku banki.

Makina osokera aja, ngati ndi a mayiwo, ogula ndi ndalama zawo, ndipo sanasaine nawo ngongoleyo kapena kuwapereka ngati chikole, sayenera kugulitsidwa pa ngongole ya mwamuna. Koma masherifu akapeza katundu m'nyumba amayamba aganiza kuti ndi wa mwini ngongole. Mwini wake weniweni amalemba kalata kwa sherifu kuti katunduyo ndi wake, n'kuphatikizapo umboni, ndipo nkhaniyo imapita kwa khoti kuti ligamule asanagulitse. Choncho afunefune lero lisiti la makinawo. Ngati linatayika, buku la banki mkhonde losonyeza ngongole imene anagulira, kapena kalata ya amene anawagulitsa, zimathandiza, pamodzi ndi nambala yolembedwa pa makinapo. Asapange malisiti abodza, asasamutsire katundu wa bamboyo kwa achibale usiku. Zikadziwika, ngakhale katundu amene ndi wa mayiwodi jaji adzamukayikira.

Za ku Milange aiwale. Munthu ukaoloka pa Muloza mlandu suima, umagamulidwa iwe kulibe, ndipo chigamulo Limitation Act imachipatsa zaka 12. Amene adzakumane ndi masherifu pakhomo ndi mkazi ndi ana.

Lolemba alamuwo alawire ku khoti ndi kwa loya. M'chikwama mukhale chisamani chonse ndi mapepala amene anabwera nacho, chiphaso cha unzika, mgwirizano wa khadi ngati ulipo, masitetimenti akale, kalata yothetsa ntchito ya 2018, foni ya mayiwo yokhala ndi uthenga wa K15,000, ndi pepala limodzi lolembapo madeti onse motsatana kuyambira tsiku lotenga khadi mpaka pa 7 Malichi. Mayiwo apite nawo, poti loya adzafuna kumva za Novembala 2021 kuchokera pakamwa pawo.